Bodza la Issufo ndi Galimoto Yoyera

"Issufo, mawu amenewo uwameze msanga, alendowa asanadzuke pamkeka."

Anatero Mayi Atija Lachisanu lija, atanyamula mbale ya mpunga m'manja. Koma mwana wawoyo anangoseka, n'kugwedeza dzanja ngati akuingitsa ntchentche.

Issufo ndi mkazi wake Muanacha onse anali madokotala, ndipo onse ankaphunzitsa zaudokotala pa yunivesite ina ku Nampula. Mwamunayo anali wa opaleshoni, wamanja otamandika. Kanayi konse analemba zikalata zopempha thandizo la kafukufuku, kanayi konse anamukanira. Muanacha, amene kale anali mwana wake wa sukulu, analemba kamodzi kokha, za kuchepa kwa magazi mwa amayi oyembekezera a m'midzi, n'kupata. Anam'patsa firiji, antchito awiri ndi galimoto yoyera. Kuyambira pamenepo madokotala anzake akamamwa tiyi ankamulonjera Issufo kuti, "Mwadzuka bwanji, amuna a adokotala?" Iye ankaseka nawo, koma akafika kunyumba chitseko ndicho chinkamva kuwawa.

Tsiku limenelo amalume ake, Bambo Amade, anabwera ndi anzawo awiri kuchokera kumudzi kwawo ku Nacuvela. Pochokera kumzikiti anaima n'kuisisita galimoto ija, kuyamikira kuti mphwawo walemera.

"Si yanga imeneyo, amalume," anatero Issufo atakhala pansi. "Ndi ya bwana wanga mkaziyu. Mukudziwa chaigula? Magazi a alongo anu! Amawapopa m'timabotolo, n'kutumiza kwa azungu. Inu mumvekere n'chithandizo."

Palibe mlendo anaseka. Bambo Amade anasiya mpunga umene anali atatapa, n'kuyang'ana anzawo aja. Mpamene Mayi Atija anamuchenjeza, iye osamva. Alendo atapita anamulondola mpaka kuchipinda.

"Iwe mwana iwe, unali usanabadwe pamene anapha namwino uja kwathu. Ine ndinaona ndi maso angawa. Anati ndi namapopa. Amene anayambitsa mphekeserayo ndi munthu mmodzi, naye ankangocheza ngati iweyo. Anam'ponya miyala mpaka nsapato yokha ndiyo inadziwika. Nkhani ya magazi sachezera. Kwera njinga yamoto uwapeze amalume ako asanakwere basi, ukawauze kuti unali mkwiyo chabe."

"Amayi, zakale zimenezo. Anthu anatseguka m'maso masiku ano."

"M'maso anatseguka, koma mantha sanachoke m'mimba."

"Inu simunapite kusukulu, zisiyeni izi."

Mayi Atija analowa kukhitchini n'kukalira mwakachetechete. Kusukulu sanapitedi, ngakhale dzina lawo ankasaina ndi chala. Koma makutu awo sankagona. Ankadziwa kuti mpongozi wawo sanatengepo dontho la magazi pamudzi uliwonse asanakhale pansi katatu ndi anamkungwi ndi akuluakulu. Ankadziwanso lamulo la galimoto ija, poti Muanacha ankalibwereza kwa dalaivala m'mawa uliwonse: isalowe m'mudzi popanda mzamba wa pamudzipo kukhala kutsogolo, galasi lotsitsa, kuti anthu aziona nkhope yoidziwa. Ku Nacuvela mzamba wake anali Mayi Rabia.

Zimene mwana wawo ananena sanamuuze Muanacha. Anaopa kupasula banja. Apa ndi pomwe nawonso analakwa, ndipo mpaka lero akakumbukira amadziguguda pachifuwa.

Patapita milungu itatu, Loweruka m'mawa, foni ya Muanacha inalira. Mayi Atija anali pakhonde akuluka tsitsi la mdzukulu wawo Zuleca, ndipo anaona nkhope ya mpongozi wawo ikusintha.

"Anali Mayi Rabia," anatero Muanacha ataika foni pansi. "Mmodzi mwa amayi a m'kafukufuku wanga wamwalira pobereka dzulo. Anataya magazi ambiri, chipatala chili kutali. Tsopano akuti pamudzi ponse pali mphekesera yoti amene anamupopa magazi ndine. Akuti galimoto isaoneke kumeneko. Amayi, zoterezi zachokera kuti? Ine anthu aja ndimadya nawo mbale imodzi."

Mayi Atija asanatsegule pakamwa, Issufo anatulukira atavala mkanjo woyera wopeta ndi kofiya watsopano. Tsiku limenelo kunali ukwati wa msuweni wake ku Nacuvela komweko.

"Makiyi," anatero, atatambasula dzanja.

"Bambo a Zuleca, simunamve? Kwavuta kumudzi. Komanso mukudziwa kuti galimoto ija si ya banja, ndi ya kafukufuku."

"Ndikapite ku ukwati pa njinga yamoto ngati wogulitsa nsomba, galimoto ili pakhomo panga? Anthu akati chiyani?"

"Akanene zimene anganene, koma mukabwerako wamoyo."

"Mwamva, amayi? Akundiphunzitsa! Ndani anakuphunzitsa kugwira mpeni wa opaleshoni, iwe? Unkanjenjemera ngati nkhuku yonyowa pamaso pa mtembo, lero wakula?"

"Munandiphunzitsa ndinu, sindikana. Ndinakupemphani kuti tilembere limodzi chikalata chija, munati dzina lanu silingakhale pansi pa la mkazi. Ndilakwenso chiyani?"

Khofi linalira ngati thabwa lathyoka. Muanacha anagwera pa tebulo, makapu n'kusweka. Zuleca anakuwa n'kuthawira kuseri kwa nyumba. Issufo anam'gwira mkazi wake tsitsi, n'kumukhomera kukhoma, nkhonya ina n'kum'peza padiso. Mayi Atija analumpha ndi miyendo yawo yotupayo n'kum'kangamira mwana wawo pamkono.

"Undiphe ine! Undiphe ine amene ndinakubereka, chilombo iwe!"

Anawakankha. Anagwa chagada, chigongono n'kusupuka pa simenti. Iye sanacheuke. Anakhuthula chikwama cha mkazi wake pansi, n'kutola makiyi, n'kumenyetsa chitseko mpaka chithunzi cha tsiku la ukwati wawo chinagwa pakhoma.

Mayi Atija anakwawa, nadzuka, n'kukagwira chitseko cha galimoto injini italira kale.

"Issufo mwana wanga, ndakugwira mwendo. Moto uli kumudziwo unauyatsa ndiwe. Ngati wakakamira kupita, dzera kwa Rabia akhale kutsogolo. Tsitsanso bokosi la timabotolo lili kumbuyoko. Usalowe wekha!"

"Ku Nacuvela ndi kwathu, amayi. Mchombo wanga uli komweko. Andidziwa onse."

Galimoto inatuluka pageti, fumbi lokha kobo!

Atabwerera m'nyumba anapeza Muanacha atakhala pansi pakati pa magalasi osweka, diso litatsekeka, magazi akutsika pamlomo. Mayi Atija anagwada pamaso pa mpongozi wawo, chinthu chimene sanachitepo chibadwire, n'kumuuza zonse za Lachisanu lija.

Muanacha anamvetsera mpaka kumapeto. Misozi inkangotsika m'diso limodzi lotseguka lija.

"Chaka chathunthu, amayi. Chaka chathunthu ndikukhala pamphasa ndi amayi aja kuti andikhulupirire. Iye wagumula ndi mbale imodzi ya mpunga."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Ndi galu. Koma ndi galu wanga, ndilibe wina. Akamupha."

Muanacha anapukuta mlomo ndi nsonga ya chitenje, n'kuimirira mogwira khoma. Anaimbira apolisi, anaimbiranso dokotala mnzake wa nyumba yoyandikana kuti awabwereke galimoto ndi kuwasungira mwana. Ananyamuka limodzi ndi Mayi Atija, ndipo panjira anaima pa nyumba ya Mayi Rabia, kunja kwa mudzi, n'kuwakweza kutsogolo.

Utsi anauonera patali. Galimoto yoyera ija inali itagona chammbali pa mlatho wolowera m'mudzi, ikuyaka. Timabotolo topanda kanthu tinali mbwee mumsewu, ndipo anyamata ankatinyamula m'mwamba kuonetsa anthu. Amene anatseka msewu ndi mitengo anali ochokera kumaliro, ambiri a midzi yoyandikana, osamudziwa Issufo n'komwe. Anangoona galimoto ya magazi ikubwera yothamanga, magalasi otseka, mulibe Rabia.

Issufo anali pansi pa mtengo wa mango. Mkanjo woyera uja unali utafiira. Dzanja lake lamanja, limene anatchinga nalo kumutu, linali litatemedwa ndi chikwanje, likungolendewera. Mwamuna wa malemu uja anaimirira pamwamba pake atanyamula mwala waukulu ndi manja awiri.

Mayi Atija sakumbukira m'mene anadutsira pakati pa anthuwo. Anangozindikira atagona pamwamba pa mwana wawo, mwala wina utawapeza pamsana.

"Ndine Atija, mwana wa Mussa wa kutsidya kwa dambo! Aliyense woponya mwala aponyere ine!"

Anthu anabwerera m'mbuyo pang'ono. Wina anakuwa kuti, "Chokani agogo, ameneyo ndi namapopa!" Wina anati, "Anavomera yekha! Afunseni a Amade!"

Bambo Amade anali pomwepo, atagwira kofiya m'manja. "Mlongo wanga, ine ndinangonena zimene ndinamva. Ananena yekha m'nyumba mwake, iwe uli pomwepo. Dokotala anganame?"

Mayi Atija anayang'ana mwana wawo. Anadziwa kuti chomupulumutsa n'chimodzi chokha, kumuvula ulemu wonse pamaso pa mudzi umene unkamutchula monyadira. Anaimirira, n'kumasula mpango kumutu, imvi zonse poyera.

"Anganame, achimwene. Ananama. Bodza limeneli ndinaliona likubadwa, linabadwira pa mkeka wanga. Mwana wangayu anapempha thandizo kanayi, anamukana. Mkazi wake anapempha kamodzi, anam'patsa. Nsanje inamudya mpaka anasanza mawu amenewo. Palibe magazi anagulitsidwa. Mukufuna umboni? Taonani nkhope ya mpongozi wanga! Wam'menya m'mawa uno chifukwa anamuletsa kubwera kuno. Amene mukuti namapopa wamkulu ndi uyo, wabwera yekha ndi diso limodzi kudzapulumutsa amene wam'tupitsa diso linalo!"

Anthu anacheuka. Muanacha anali ataima pambali pa Mayi Rabia, osabisala. Amayi ena apakati amene ankawayeza anagwira pakamwa.

Mayi Atija anawerama n'kumugwira mwana wawo chibwano. "Nena, Issufo. Nena wekha anthu amve, apo ayi ndichoka pano ndikusiye."

"Ndinanama," ananong'ona.

"Kweza mawu! Pa mpunga paja unkanong'ona?"

"Ndinanama! Inali nsanje... ndinanama."

Mwamuna wa malemu anaponya mwala uja pansi, n'kukhala pomwepo, n'kuyamba kulira ngati mwana. Mayi Rabia anam'gwira paphewa. "Mkazi wako adokotalawa anamuuza kawiri kuti magazi ake ndi ochepa, akadikirire kuchipatala. Unati ukolole kaye. Ine ndinalipo. Sindikukuweruza, koma usasenzetse wina."

Muanacha anasendera pansi pa mtengo wa mango paja. Anagwada, anang'amba chitenje chake ndi mano, n'kumanga mkono wa mwamuna wake pamwamba pa chigongono, n'kupotokola ndi kamtengo mpaka magazi analeka. Issufo anafuna kunena kanthu.

"Khalani chete," anatero. "Pano ndinu wodwala, si mwamuna wanga."

Apolisi anafika zonse zitatha.

Moyo anapulumuka, koma dzanja analidula anzake omwewo a tiyi aja, m'chipinda chomwecho chimene iye ankachitiramo opaleshoni. Eni thandizo anatumiza anthu awo kudzafunsa, ndipo Muanacha sanabise kanthu. Kafukufuku wa ku Nacuvela ndi midzi yozungulira anatsekedwa. Anamulola kukayambiranso kuchigawo china, pa sukulu ina ya madokotala kutali kum'mwera.

Tsiku lonyamuka, Issufo anali atakhala pakhonde, mkono wokulungidwa uli pamiyendo. Anaona katundu akutuluka: masutikesi a Muanacha, chikwama cha Zuleca, kenako mtolo wa zitenje ndi mphasa yopempherera ya mayi ake.

"Amayi, inunso? Mukutsata mkazi wa eni, kusiya mwana wanu ali chonchi?"

Mayi Atija anaima pa sitepe. Analira, poti mimba yobereka siuma.

"Ndinakugwira mwendo, Issufo, unandikankha. Ndinagona pamwamba pako, miyala inandipeza ine. Zimene mayi amachita ndachita. Uyu akamapita kumidzi, mwana adzamuyang'ana ndani? Ndiponso ndikufuna ndizikakhala kumene ndikati 'usapite', munthu amaima n'kundifunsa chifukwa."

Muanacha sanacheuke. Zuleca yekha ndiye anakweza dzanja pawindo.

Issufo akadali komweko ku Nampula. Mpeni sagwiranso. Anam'siyira kalasi imodzi ya ana a chaka choyamba, amawaphunzitsa mayina a mafupa, akulemba pa bolodi ndi dzanja lamanzere zilembo zokhotakhota ngati za mwana wa sitandade wani. Ku Nacuvela sanapondekonso, ngakhale pa maliro a amalume ake. Anzake akamamwa tiyi samutchulanso kuti amuna a adokotala. Akangolowa, wina amadzuka kukam'tsegulira botolo la shuga.