Laini Imene Eneles Anatseka

Kachitatu konse kompyuta ija inalira kulira kwake kwa tswii, krrr, n'kulumikiza intaneti, kenaka n'kudula. Eneles anamenya tebulo ndi chikhatho mpaka kapu ya tiyi inadumpha.

"Lero lokha, chonde, lero lokha!" anaidandaulira ngati munthu.

Eneles anali mtsikana wa Folomu 3. Anabwera ku Nairobi mu Januwale 2003 kudzakhala ndi amalume ake a Kingston ku Lang'ata kuti apitirize sukulu, koma mwiniwake sanafune kubwera. Kupukwa kutamukulira, analembera amayi ake kalata yowawa, momwe munali mawu akuti, "Munanditaya ngati chinthu chotha ntchito." Kalatayo inapita, yankho silinabwere. Tsopano amayiwo anali oti akachitidwa opaleshoni ya chotupa cha m'mimba mawa lake m'mawa ku Zomba. Mchimwene wake Limbani anali atalonjeza kuti asanakawagoneke kuchipatala, adzera nawo ku kafe ya intaneti 2 koloko ya ku Malawi, yomwe ndi 3 koloko ya ku Nairobi, kuti acheze pa mesenja, pulogalamu yolemberana mauthenga pompopompo. Eneles ankafuna kuuza amayi ake chinthu chimodzi chokha: pepani.

Nyumba ya amalume inali ndi laini imodzi ya telefoni. Wofuna intaneti ankazula chingwe ku telefoni n'kuchilowetsa kumbuyo kwa kompyuta. Choncho telefoni inangokhala pambali ili duu, yopanda chingwe.

Poyamba zinthu zinkaoneka ngati ziyenda. Dzina la Limbani linayaka pa mesenja 3 koloko itangokwana, ndipo Eneles analemba msangamsanga kuti, "Achimwene, amayi muli nawo?" Yankho lisanabwere, dzinalo linazima. Anadikira mphindi khumi, mtima uli m'mwamba, kenaka intaneti yake nayonso inayamba kudukaduka.

Amalume anali pa ulendo wa kuntchito, akazi awo anali ku ofesi. Pakhoma panali kapepala ka malangizo kamene amalumewo analemba ndi bolopeni yofiira, ndipo Eneles anakatsata ngati malamulo a mayeso. Anaona ngati chingwe chalowa bwino. Anazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, n'kudikira mphindi zambirimbiri kuti idzuke, pakuti inali yaulesi ngati mwana wodzutsidwa m'mawa wa Juni. Anatseka mapulogalamu ena onse. Anatuluka mu mesenja n'kulowanso, mothamanga mpaka analakwitsa pasiwedi kawiri. Inalumikiza, inakhala mphindi ziwiri, inadulanso kachinayi.

Anti Consolata, mayi wa ku Machakos amene ankagwira ntchito m'nyumbamo kwa zaka zisanu ndi chimodzi, anaima pakhomo atanyamula zovala zoti asite. Awiriwa ankamvana m'Chiswahili chosakaniza ndi Chingerezi.

"Pole, mwanangu," anatero. "Koma ine ndaiona nyumba ino. Ikamadula motsatizana choncho, ndiye kuti pali munthu akuimba simu. Bwezera chingwecho ku telefoni pang'ono chabe, timve ngati ilira."

"Anti, ndikachotsa chingwe achimwene abwera n'kupeza ine palibe."

"Mphindi zisanu zokha. Woimba kanayi si wocheza ayi."

Eneles anali mwana wanzeru, izi palibe angakane, koma nzeru zake zinali zija za ndikudziwa kale. M'kalasi ya kompyuta ankakhala nambala wani, ndiye auzidwe zochita ndi munthu amene sanagwirepo mausi chibadwire?

"Inu za kompyuta mukuzidziwira kuti? Kasiteni zovala, mundisiye ndione chochita."

"Sawa," anatero Anti Consolata, n'kubwerera kukhitchini.

Komabe mawu awo anamukumbutsa mzere womaliza wa pakapepala paja. Amalume analemba kuti laini ikamadulidwa ndi anthu oimba, pali manambala oyamba kulemba kutsogolo kwa nambala ya intaneti, ndipo woimba aliyense amangomva kuti laini ndi yotanganidwa. Eneles anaganiza kuti oimbawo ndi anthu a kuntchito kwa amalume, oti akhoza kuimbanso mawa. Analemba manambalawo. Kompyuta inalira, inalumikiza, ndipo ulendo uno sinadulenso.

"Mwaona?" anafuula cha kukhitchini. "Ndakonza!"

Kukonza anakonzadi, koma dzina la Limbani linali lozima. Analemba uthenga, unangokhala pomwepo wopanda woulandira. Analembanso wina. Anatsegula imelo, inatenga nthawi yaitali kutseguka, ndipo munalibe kanthu. 4 koloko inakwana. Tindege ta ku bwalo la ndege la Wilson tinkadutsa pamwamba pa denga kamodzikamodzi, ana a m'mapuloti oyandikana anabwera kusukulu n'kuyamba kusewera mpira panja, iye ali pompo, maso ali pa dzina limodzi. Anayesa kupemphera, mawu osatuluka. Analibenso choti akonze, ndipo chimenechi ndicho chinamupweteka koposa. Anasowa mtengo wogwira.

Itadutsa hafu pasiti 5, dzina lija linayaka.

"Ene, unali kuti?" analemba Limbani.

"Ndili pano chiyambire 3 koloko! Amayi ali kuti? Apatseni mpando."

Mawu a Limbani ankabwera pang'onopang'ono, mzere umodziumodzi.

"Kuno magetsi anathima titangokhala pansi."

"Ndinawatenga kupita pa telefoni ya panjira pafupi ndi chipatala."

"Aimba kanayi. Imalira, osayankha."

"Kenaka imangoti laini ndi yotanganidwa. Tayesa mpaka nthawi yowagoneka inakwana."

Eneles anatembenuka n'kuyang'ana telefoni yopanda chingwe ija. Uliwonse mwa maulendo anayi aja amene iye ankamenya tebulo, anali amayi ake, ataima m'mbali mwa msewu ndi chikwama cha kuchipatala.

"Bwererani mukawatenge, achimwene, chonde."

"Sizingatheke. Alowa kale mu wodi, ndipo kulibe telefoni. Mawa akuwatenga 7 koloko."

"Anena chiyani?"

Panapita nthawi yaitali moti Eneles anayesa laini yadukanso. Kenaka mzere unabwera.

"Anangoti, msiyeni, mwina akadali wokwiya nane."

Eneles analira mokweza, kulira kwa mwana wamng'ono, mpaka Anti Consolata anabwera akuthamanga. Sanafunse zambiri. Anaona nkhope ya mwanayo, anaona telefoni, n'kumvetsa zonse. Mawu akuti ndinakuuza sanatuluke pakamwa pawo. Anangokoka mpando n'kumugwira paphewa.

"Mchimwene wakoyo akadalipo?"

"Alipo."

"Ndiye ukulira chiyani osalemba? Muuze atenge pepala ndi cholembera. Wodwala amalandira phala m'mawa, pepala lingakanike kulowa?"

Ulendo uno Eneles sanatsutse. Anapukuta misozi ndi mkono wa juzi yake ya sukulu n'kulemba: "Amayi, sindinakwiye. Ndine ndinatseka laini chifukwa cha kusamva. Kalata ija ndinalakwa, simunanditaye. Pepani, amayi. Mukadzuka mundiimbire, ndiyankha ndine."

"Ndakopera," anayankha Limbani. "Ndikafika pageti 6 koloko. Akandilola kulowa ndikawawerengera ndekha. Akandikaniza ndipempha anamwino. Sindikulonjeza, Ene."

Dzina lake linazima. Eneles anatseka mesenja, anagwada pansi pa tebulo, anazula chingwe ku kompyuta n'kuchibwezera ku telefoni. Ananyamula chomvera n'kuchiika kukhutu. Laini inali bwinobwino, yotseguka, yopanda munthu.

"Anti Consolata," anatero osakweza maso, "ndinakuyankhani mwamwano. Mundikhululukire."

"Zatha, mwanangu."

"Mukuganiza kuti pepalalo likafika asanawatenge?"

Mayiyo sanafune kumunamiza. "Sindikudziwa," anatero. "Mawa ndilawirira. Tidzadikirira limodzi."