Nthiti za a Chirwa

Lumbani atangolowa pampanda wa kwawo ku Buchi, chikwama chinagwa chokha. Atate ake, a Chirwa, anali gone chagada pafumbi, ndipo mlongo wake wamng'ono, Temwani, ankawadinikiza pachifuwa ndi mphamvu zake zonse. Mayi wina wapafupi ankakuwa m'Chibemba kuti mwana akupha atate ake.

Lumbani sanali munthu wofunsa. Kusukulu onse ankadziwa kuti kwa iye chibakera chimatsogola, funso limabwera pambuyo. Ndiye awa anali atate amene mtima unawagwetsa kumgodi mwezi wathawo, oti pakhomo anthu ankaopa ngakhale kumenyetsa chitseko.

Anamugwira tsitsi Temwani, kumuwomba mbama, n'kumukankhira pamulu wa njerwa. Mkono unamveka kuti thyo!

"Wapenga iwe? Ufuna kuwatsiriza?"

"Achimwene, sakupuma!" analira Temwani, magazi akuchucha pamlomo. "Anesi anandiphunzitsa tsiku lotuluka m'chipatala. Anati mtima ukasokonezeka n'kugwa, tidinikize osaleka!"

Anakwawa kuti apitirize, koma mkono unali lende. Lumbani anayang'ana atate ake. Milomo inali itayamba kuda, ndipo mantha anamugwira.

"Gwadani! Manja pakati pa chifuwa. Mwamphamvu!"

Anadinikiza. Nthiti inathyoka pansi pa zikhato zake, iye n'kukuwa.

"Musasiye, achimwene! Musasiye!"

Sanasiye, ngakhale m'minibasi imene anansi anaimitsa pamsewu, mpaka kuchipatala komwe anawagunda a Chirwa ndi makina amagetsi, thupi lonse n'kudumpha.

Patapita nthawi dokotala anatuluka. Temwani anali atamuika kale pulasitala.

"Mtima wayambanso kugunda bwino," anatero dokotalayo. "Mtima umene unavulalapo nthawi zina umangonjenjemera m'malo mopopa magazi. Za nthiti musadandaule, zipola. Chimene sitikudziwa n'chakuti adzuka ali bwanji. Zitengera nthawi imene bongo unakhala wopanda magazi. Kodi mutayamba kudinikiza, munalekezapo?"

Temwani anayang'ana pulasitala wake.

Lumbani, mnyamata amene sankasowa choyankha ngakhale pamaso pa ahedi, anakhala pansi pasimenti. Anabisa manja ake onse awiri m'khwapa.

"Dokotala," anatero potsiriza, misozi ili mbwembwembwe, "kanthawi kochepa chabe kangawononge zambiri bwanji?"