Gitala ya Munthu Wamanzere

Phokosolo silinali lalikulu. Zinkamveka ngati munthu akukoka waya mmodzi, n'kumvetsera, n'kukokanso.

Ndiii... ndiii...

Kachete anatsegula maso mumdima. Poyamba anati kapena ndi udzudzu. Koma udzudzu sukweza mawu pang'onopang'ono ngati munthu amene akuchuna gitala. Ndipo phokosolo linkachokera kuseri kwa khoma, kushedi ya amalume ake, kumene iye mwini anatseka ndi loko madzulo.

Anadziwa nthawi yomweyo kuti ndi gitala iti.

Amalume akewo anali akalipentala, koma ankakonzanso magitala. Anamutenga kuti azikhala nawo chifukwa sekondale inali pafupi, ndipo dzina loti Kachete anamupatsa ndi iwowo, ati mwana wanji wopereka moni ngati akuba. Lamulo pakhomopo linali limodzi: katundu wa eni sakhudzidwa. Mchimwene wake wa Kachete anaseweretsapo wailesi ya kasitomala, ndipo anabwezedwa kwawo sukulu ili pakati. Mpaka lero sanabwererenso m'kalasi.

Gitalayo inabwera ndi mayi wina wachikulire, ataikulunga m'bulangete ngati mwana wodwala. Ataivundukula, ngakhale amalume anasiya kaye kukhoma. Thabwa lake linali litafiira ngati tiyi wopanda mkaka. Vanishi anali atang'alukang'aluka ngati chidendene cha nthawi yozizira. Pakhosi pake panali timaenje tosalala, timene zala za munthu zinakumba pa zaka zambiri. Inkanunkhira fodya ndi m'kabati.

Amalume anaigogoda ndi chala, n'kutchera khutu.

"Wamva, Kachete? Za masiku ano zimalira ngati chitini. Iyi ikulankhulira m'mimba."

"Inali ya malemu amuna anga," anatero mayiwo. "Mumate mng'alu wapansiwo basi. Mawaya musawakhudze."

"Achita dzimbiri mawayawa, mayi."

"Achite. Musawakhudze."

Mng'alu anaumata, guluu anauma. Mayiwo anati adzaitenga m'mawa mwake.

Tsono Kachete anali atangolowa kumene kalabu ya zoimbaimba kusukulu. Chinthu choyamba chimene aphunzitsi anawauza chinali choti waya wonenepa amakhala pamwamba, wowonda pansi. Pa gitala iyi zinali zozondoka. Wonenepa anali pansi. Ngakhale pamene thabwa linaperepeseka ndi kukhwatcha panali pamwamba pa chibowo, osati pansi. Iye sanaganize zambiri. Anangoti wina wosadziwa analakwitsa.

Komanso, kunena zoona, ankafuna kuimva. Gitala ya kusukulu inali yopepuka ngati katoni, ndipo ankaikanganirana gulu lonse. Iye, ndi manyazi akewo, nthawi zambiri belu linkalira asanaigwire n'komwe.

Amalume atapita kukagula matabwa, anamasula mawaya onse n'kuwaika monga anaphunzirira. Kenako anaimba kanyimbo kamodzi kokha kamene ankadziwa. Mawu ake anamulowa pachifuwa, ofunda, okhuthala, ochedwa kutha. Anaimbanso, n'kuimbanso, n'kuiwala nthawi. Anangodzidzimuka ndi kulira kwa njinga ya amalume pageti. Anaigoneka pabenchi, n'kuifunditsa bulangete lija.

Ndiye pano inkalira yokha.

Ndiii... ndiii...

Kachete anamvetsera kuchipinda kwa amalume. Ankaliza mkonono. Akadzuka n'kukaona mawayawo, basi, sukulu yathera pomwepo. Akapanda kudzuka, mayi aja adzaona m'mawa. Njira inali imodzi yokha: kukawabwezeretsa usiku womwewo.

Anatenga tochi ndi kiyi pamsomali, n'kutuluka wopanda nsapato.

Loko anali wotseka bwinobwino. Kiyi atangokhudza chitsulo, phokoso lija linasiya.

Mkati munali fungo la utuchi ndi guluu, monga mwa masiku onse. Anawalitsa tochi pabenchi. Bulangete linali lopindidwa mwaudongo. Gitala panalibe.

Inali pampando wa amalume, itatsamira, khosi litaloza kumanja. Waya wonenepa uja anali atachotsedwa kale, atakulungidwa bwino n'kuikidwa pambali. Pautuchi wapansipo panali mapazi a munthu mmodzi yekha, ndipo anali ake a Kachete.

Akuyang'ana choncho, chokungira mawaya chimodzi chinayamba kutembenuka. Pang'ono. Chinaima. Chinabwerera, ngati chapulumuka m'zala zopanda mphamvu. Kenako panamveka kupuma, kupuma kwa munthu amene wayesa chinthu kambirimbiri koma chikumukanika.

Miyendo inkafuna kuthawa. Koma kuthawira kuti? Kukadzutsa amalume?

"Pepani," ananong'ona. Mawu anatuluka owonda ngati a mwana wa mkaka. "Ndine ndinasintha. Sindimadziwa. Ndibweza."

Chokungira chija chinangoima.

Anayandikira, nanyamula gitalayo, nakhala pampandopo. Mpando unali wofunda.

Analuma tochi ndi mano n'kuyamba kumasula mawaya otsalawo. Manja ankanjenjemera. Nsonga ya waya inkakana kulowa pakabowo, inamubaya chala, inakananso. Misozi inayamba kulengeza. Kenako tochi inathima.

Mumdimamo fungo la fodya linakula, pafupi, cha paphewa lake lamanzere.

Ndipo manja anasiya kunjenjemera.

Anamva zala zake zikugwira ntchito zokha, mofulumira, mosaphonya. Waya ankalowa, ankapindidwa, ankakungidwa. Mapindidwe amenewo palibe anamuphunzitsapo. Dzanja limene linkatsogolera linali lamanzere, dzanja limene iye sankatha ngakhale kusokera batani.

Mawaya atatha, anafuna kuimirira. Anati ndabweza, ndizipita. Koma gitala inatembenuka pamiyendo pake, khosi kumanja. Zala zake zakumanja zinakwera pakhosipo n'kugwera m'timaenje tija, chala chilichonse m'kaenje kake. Dzanja lamanzere linatsika pamalo operepeseka paja. Apo m'pamene anamvetsa. Palibe analakwitsa mawayawo. Mwini wake anali wamanzere.

Nyimbo inayamba.

Anali asanaimvepo chibadwire. Inali yapansipansi, yoyenda ngati munthu wobwerera kwawo atatopa. Ikafika penapake inkaima, ngati ikudikira wina kuti ayankhe, kenako n'kuyambiranso. Ndipo chimene chinkamuopsa kwambiri n'choti inali yokoma. Mbali ina ya mtima wake inkalira kuti isiye. Mbali ina sinkafuna.

"Kachete."

Kunja kunali kutayera. Amalume anali pakhomo la shedi, malaya osamanga mabatani. Kumbuyo kwawo kunaima mayi aja, atalawirira kudzatenga katundu wawo.

Gitala inali idakali pamiyendo pake.

"Ndinakuuza chiyani za katundu wa eni?" Amalume sanakweze mawu. Zikanakhala bwino akanakalipa. "Iwe ndimati ndiwe wanzeru kuposa mchimwene wako."

"Amalume, ndimafuna kubweza..."

"Bweretsa kiyi."

Anatambasula dzanja kuwapatsa. Linali lamanzere. Anazindikira atapereka kale.

Amalume anatembenukira kwa mayiwo. "Mundikhululukire, mayi. Mwanayu ndimubweza kwawo lero lomwe."

Mayiwo analowa pang'onopang'ono, maso ali pagitala. Anayang'ana mawaya, onse ali m'malo mwake monga anawasiyira. Anakoka mmodzi, n'kumvetsera mpaka mawu atatheratu. Kenako anagwira dzanja lamanja la Kachete n'kulitembenuza.

Kunsonga kwa zala kunalibe matuza, kunalibe magazi. Kunali khungu louma, lolimba, lachikasu, la munthu amene wakhala akuimba zaka zambiri. Mayiwo analisisita ndi chala chachikulu, ngati akupereka moni kwa munthu womudziwa.

"Imaima pakati nyimboyo?" anafunsa motsitsa.

Kachete anagwedeza mutu kuvomera.

"Pamenepo ndinkalowa ine."

Anasiya dzanjalo, natenga bulangete lawo pabenchi, nalipanira m'khwapa lili lopanda kanthu.

"Kumubweza kwawo sikuthandiza, bambo, mwini gitala amutsatira komweko. Ndipo gitalayo itsale. Usiku wathawu ndagona tulo koyamba chimwalirireni amuna anga. Apeza manja."