Makina Oima pa 12 Koloko

"Kodi aimiranjinso makinawa?" anafunsa Winnie.

A Monday, osamalira maluwa, anangoyang'ana pansi. A Magdalene, ophika, analowa m'khichini.

Nkhaniyi si yopeka. Inachitika masana, panyumba ina ya alendo pafupi ndi bwalo la ndege la Mfuwe, ndipo a Monday ndi a Magdalene alipo, mukhoza kukawafunsa. Winnie anali ndi digiri, koma umanijala wake unali woyeserera. Eni malo, a Harris, anatumiza kuchokera ku Lusaka makina awiri otchetcha okha kapinga. "Usankhe amodzi pofika Lachisanu, tione ngati sukulu yakoyo ili ndi phindu." Kapinga wake ndi woti munthu wa chikwakwa amamaliza tiyi asanazizire.

Oyamba anali akhungu, ongotsata waya wokwiriridwa m'mbali mwa bwalo. Achiwiri anali ndi kamera, kuti akaona munthu aziima. Awa ndiwo ankamutopetsa. Tsiku lililonse 12 koloko ikakwana, ankaima pakati pa kapinga, popanda munthu, mwala, ngakhale nyani. Foni ya Winnie, yolumikizidwa ndi makinawo, inkalemba kuti anthu akudutsa.

Winnie anapukuta kamera. Anazimitsa n'kuyatsanso. Anaimbira wogulitsa, yemwe anamufunsa ngati wayesako kuzimitsa n'kuyatsanso.

Lachitatu Winnie anakhala pakhonde kudikirira. Makina anaima. Nyenje zinaleka kulira. Kunamveka fungo la dothi lokumbidwa kumene, mu Okutobala, mvula isanadonthe. Pafoni nambala ya anthu odutsa inkakwera: 6, 14, 31. A Monday anavula chipewa.

"Mwavuliranji?"

"Maliro akamadutsa munthu amaima, mayi," ananong'ona. "Njira ya kumanda akale inadzera pomwepo."

"Ndiye makina a m'katoni akudziwa mwambo?"

"Akuposa ena."

Winnie anatsonya. Lachinayi anatulutsa akhungu aja. 12 koloko itakwana, iwo sanaime. Analowa pakati penipeni, mipeni ikuzungulira. Nyenje zinali zii. Kenako mayi wina anakuwa. Kamodzi kokha, chapafupi, ngati munthu wopondedwa chala. A Magdalene anamva ali m'khichini, mbale inawapulumuka. Pabwalo panalibe munthu.

Winnie atapita kuchipinda chake kukatenga madzi, anapeza masamba aawisi pakhomo. Anayalidwa mopingasa, monga amachitira pamsewu pakagwa maliro. Chitseko chinali chokhoma. Masamba ena anali m'kati.

"A Monday, ndinu?"

"Ine ndinali nanu, mayi."

Lachisanu m'mawa a Harris anaimba foni. "Ndamva kuti a kamera aja ndi aulesi, amapuma masana ngati munthu wa ganyu. A waya ndiye amamaliza ntchito. Manijala wanzeru sangavutike pamenepo, eti?"

Winnie anayang'ana kapinga. Anali wosalala bwino, wopanda chilema.

"Ayi bwana," anatero. "Titenga a kamera. A wayawo ndawabwezera kale m'katoni."