Chala Chimodzi cha Athol

Kuyambira ku Hobart mpaka ku Port Davey, panalibe wodziwa pansi pa nyanja kuposa Warwick Tulloch. Anayamba ndi boti lobwereka, n'kufika pokhala ndi akeake atatu, zonsezo chifukwa cha nkhono zotola pansi pa madzi. Anasambirako ku Chile, ku Japan, ngakhale ku Alaska, ndipo ankadziguguda pachifuwa: "Nyanja sinandilandepo kanthu ine osabweza!"

Koma m'nyengo yozizira ija inamulanda mlamu wake Athol, mnzake wotola naye nkhono. Athol analowa m'madzi, paipi yake ya mpweya n'kubwerako yokha. Apolisi anafufuza, mphepo n'kuwabweza.

"Paja inu nyanja imakubwezerani," anatero Noelene, mkazi wa Warwick. "Tiyeni mukawatenge achimwene anga. Chiwongolero ndigwira ine."

Ananyamuka awiri. Atapitirira South East Cape, mafunde anawakwera ngati mapiri, buledi yense n'kunyowa. Anabisala pagombe lina lamiyala, akumwa tiyi yekha, mpaka mphepo inagonja.

Madzi akumeneko munthu salowa wopanda chisoti cha mphira, chongosiya maso ndi kamwa poyera. Galasi lakumaso liyenera kugwira khungu lenileni. Mkombero wa chisoti ukalowa pansi pake, madzi apeza njira. Zaka zonse Athol ndiye ankavula gulovu n'kuyendetsa chala mozungulira nkhope ya Warwick, kumukonzera mkomberowo.

"Bwerani kuno alamu," ankatero. "Maboti atatu, koma kuvala chipewa mpaka kuvekedwa ngati khanda!"

Tsiku limenelo Warwick anavala yekha n'kudumphira. Asanafike pansi, madzi ozizira ngati singano anadzaza m'galasi. Anapemerera ndi mphuno, anadzazanso. Anabwerera pamwamba osaona kanthu, mano akugundana.

"Zakanika?" anafunsa Noelene.

"Likulowa madzi."

"Senderani kuno, katswiri." Anayendetsa chala pamphumi pake, n'kutulutsa mkombero womwe unapanikizika. "Musabwereko nokha."

Analowanso. Udzu wa m'nyanja, wautali ngati mitengo, unkamukulunga miyendo, iye akudula ndi mpeni. Anatsika m'ngalande ya miyala momwe madzi ankakokera zonse. Manja atachita dzanzi, anaona phazi lovala nsapato yakuda ya mphira.

Athol anali atakodwa mu udzuwo, thumba la nkhono lili m'chiuno. Warwick anamutembenuza. Galasi lake linali lodzaza madzi, ndipo pamwamba pa diso lamanzere mkombero wa chisoti unali utalowa pansi pake. Munthuyo anali atachita khungu ndi madziwo, n'kusochera mu udzu.

Warwick anayang'ana mkomberowo nthawi yaitali. Zaka zonsezo iye ankangoti akamukonza, n'kudumphira patsogolo, osacheuka kuti naye amukonze Athol.

Anavula gulovu m'madzi oluma aja. Anayendetsa chala pang'onopang'ono mozungulira nkhope ya mlamu wake, n'kutulutsa mkomberowo, n'kuukhazika bwino. Kenako anamukumbatira, n'kukwera naye.

Anafika ku Hobart mbendera ya boti ili pakati pa mlongoti. Anthu padoko anati, "Wanena zoona Tulloch, nyanja yamubwezera!"

Noelene yekha ndiye anamufunsa chomwe dzanja lake limodzi linachitira buu, lopanda gulovu, potuluka m'madzi muja.

"Ndinali ndi ngongole kwa achimwene ako," anatero. "Ndabweza mochedwa."

"Ya ndalama zingati?"

Warwick anaimika chala chimodzi.