Botolo la Zelipa la Mizere Itatu

Uyu ndi Zelipa. Zelipa amakhala ku Chiparamba. Ali mu Giredi 4.

Zelipa ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti botolo lake likhale pawindo la kalasi.

Nkhaniyi inayamba Lolemba. Aphunzitsi ake, a Madamu Jere, anabwera ndi miyala itatu. Anaitola kuchigwa cha Luangwa.

"Gwirani, ana inu," anatero a Madamu.

Mwala woyamba unali ndi timiyala tambiri tomatana. "Uwu ndi mwala wa timiyala."

Mwala wachiwiri unali wokhakhala. "Uwu ndi mwala wa mchenga."

Mwala wachitatu unali wosalala. "Uwu ndi mwala wa matope."

"Miyala imeneyi inabadwira m'madzi," anatero a Madamu. "Mtsinje umanyamula timiyala. Umanyamula mchenga. Umanyamula matope. Mtsinje ukatopa, umatula katundu wake."

"Mtsinjenso umatopa?" anafunsa Zelipa.

"Umatopa ndithu. Zolemera zimatsika msanga. Zopepuka zimatsika mochedwa. Zimasanjikizana. Zimapanikizana. Zimamatana. Kenako zimasanduka mwala."

A Madamu anapereka ntchito.

"Aliyense apeze botolo. Muikemo timiyala, mchenga ndi matope. Muthiremo madzi. Mukhutchumule. Mulisiye ligone. Botolo la mizere itatu lidzakhala pawindo. Ndidzalembapo dzina la mwini wake. Tsiku lomaliza ndi Lolemba likubwerali."

Kunyumba, Amama anamupatsa botolo lakale la chiponde. Linali la kukamwa kwakukulu. Zelipa anapita nalo kumtsinje.

Unali mwezi wa Okutobala. Mtsinje unali utauma. Zelipa anatola timiyala. Anatapa mchenga. Anatapa matope. Anafukula mumchenga mpaka anapeza timadzi. Anatseka botolo, nakhutchumula.

Lachiwiri m'mawa anathamangira pakhonde. Madzi anali atadikha, oyera mbee! Pansi panali timiyala. Pakati panali mchenga. Pamwamba panali matope.

"Amama, taonani! Umodzi, iwiri, itatu!"

"Zakongola, mwanangu," anatero Amama. "Fulumira, uchedwa."

Koma kusukulu n'kutali, abale inu! Umadutsa munda wa thonje. Umadutsa dambo. Umakwera chitunda. Ukatsika, umakweranso china.

Zelipa ananyamula botolo m'manja. Anayenda. Anayenda. Botolo linkalira, khuchu, khuchu, khuchu.

Atafika pageti anayang'ana. Mayo! Madzi onse mbuu! Mizere inali itasowa.

Pageti panali Tamiwe, mnzake wa m'kalasi. Kwawo kwa Tamiwe ndi kuseri kwa sukulu komweko. Botolo lake linali litakhala kale pawindo.

"Iwe Zelipa," anaseka Tamiwe. "Watibweretsera thobwa?"

Zelipa anachita manyazi. Anabisa botolo m'chikwama. Sanaonetse a Madamu. Ataweruka, anabwerera nalo kunyumba.

Lachitatu m'mawa mizere inali itabwerera. Umodzi, iwiri, itatu.

Zelipa anapota nkhata. Anasenza botolo pamutu. Anayenda pang'onopang'ono. Khosi linawawa.

Padambo, mbuzi inatulukira m'tchire. Zelipa analumpha. Khuchu, khuchu! Madzi onse mbuu!

Anafika mochedwa. Anabisanso botolo.

Lachinayi analikulunga m'chitenje. Analibereka kumsana. Anayenda. Anayenda. Msana unawawa. Pageti, madzi onse mbuu!

Lachisanu ananyamuka dzuwa likungotuluka. Anayenda monyang'ama. Miyendo inawawa. Thukuta linali kamukamu. Pageti, ha! Madzi onse mbuu!

Pawindo panali mabotolo ambiri. Panali la Tamiwe. Panali la Fackson. Panali la Ketilina. La Zelipa panalibe.

Zelipa anabwerera kunyumba akukoka miyendo. Anatula botolo kumapeto kwa khonde. Sanafune n'kuliyang'ana komwe.

"Ndatopa, Amama," anatero.

"Watopa ndi chiyani, mwanangu?"

"Khosi latopa. Msana watopa. Miyendo yatopa. Botolo ili landitopetsa."

Loweruka m'mawa Amama ankasesa pakhonde. Anaona botolo. Madzi anali atadikha, oyera mbee.

Tsono mu Okutobala madzi ndi ovuta. Amama amatunga kutali. Amatunga madzi a matope. Amawasiya adikhe. Akadikha, amatsanula oyera okhaokha. Amama sataya ngakhale dontho.

Amama anatsegula botolo. Anatsanulira madzi oyera m'chigoba cha anapiye. Anapiye anamwa. Botolo analisiya pompo, losatseka.

Zelipa atatuluka, anakuwa.

"Amama! Madzi anga ali kuti?"

"Amwa anapiye, mwanangu."

"Mwandiwonongera! Ndi ntchito ya kusukulu!"

Amama anagwira pakamwa. "Ogo! Pepa, Zelipa. Ndimayesa wawaika kuti adikhe. Dzanja langali lazolowera."

Zelipa analira. Analira kwambiri. Amama anamupukuta misozi ndi chitenje.

"Tiye kumtsinje tikayambenso," anatero Amama.

"Iyayi, Amama. Miyendo yakana."

Botolo linakhala pompo, padzuwa. Dzuwa linawala Loweruka lonse. Linaotcha kwambiri.

Lamulungu anapita kutchalitchi. Nakonso n'kutali. Anabwerera atatopa onse awiri. Botolo linali pompo, padzuwa.

Lolemba linafika. Linali tsiku lomaliza. Zelipa anadzuka ali wokhumudwa.

"Litenge chomwecho," anatero Amama. "Ukawauze a Madamu kuti ndalakwa ndine."

Zelipa anatola botolo. Analipendeka. Palibe chinasuntha. Analipendekanso. Palibe chinasuntha.

Anagunda pamwamba ndi chala. Matope anali atauma gwa! Anatsekera mchenga pansi pake. Anatsekera timiyala pansi pake.

Umodzi, iwiri, itatu. Mizere yonse inalipo.

Zelipa anayenda. Anadutsa munda wa thonje. Anamvetsera. Botolo linali chete.

Anadutsa dambo. Mbuzi ija inatulukanso. Zelipa analumpha. Botolo linali chete.

"Lero walemba m'madzi, mbuzi iwe!" anatero Zelipa.

Anakwera chitunda. Anatsika. Anakwera china. Kenako anathamanga!

Pageti panali Tamiwe. "Thobwa lija lili kuti lero?"

"Laphwa," anatero Zelipa. "Taona!"

Tamiwe anatong'ola maso. Sanasekenso.

M'kalasi, a Madamu Jere anatenga botolo lija. Analizunguza. Analipendeka. Analikweza m'mwamba.

"Madzi apita kuti, Zelipa?"

"Amama anapatsa anapiye."

Ana onse anaseka. A Madamu nawonso anaseka.

"Nanga masiku onsewa linali kuti?"

Zelipa anawerama. "Linali m'chikwama, Madamu. Linkafika lili mbuu. Ndinkachita manyazi."

"Mwana iwe!" anatero a Madamu. "Ukanangolisiya pano. Likanadikha lokha."

Mayo ine! Masiku anayi onse aja! Khosi lija! Msana uja! Zelipa anangogwira mutu.

"Koma taonani, ana inu," anatero a Madamu. "Mabotolo enawa akutionetsa kusanjikizana. La Zelipa lapitirira. Madzi achoka. Matope auma. Zinthu zayamba kugwirana. Mwala umayamba chonchi."

A Madamu anaika miyala itatu ija pafupi ndi botolo.

"Zelipa, mzere wa pansi udzakhala mwala wanji?"

"Mwala wa timiyala."

"Wa pakati?"

"Mwala wa mchenga."

"Wa pamwamba?"

"Mwala wa matope. Ndiye kuti ndapanga mwala, Madamu?"

"Ayi, usanathamange. Pafunika katundu wolemera pamwamba pake. Pafunikanso zaka zambirimbiri. Zoposa za agogo a agogo ako."

"Zaka zonsezo?" anatero Zelipa. "Ine ndatopa ndi sabata imodzi yokha!"

A Madamu analemba pakapepala. Z-E-L-I-P-A. Anamata pabotolo. Analiika pawindo, pakati penipeni.

Tsiku limenelo Zelipa anabwerera manja ali lende. Analibe chonyamula. Anatsika chitunda. Anadutsa dambo. Anadutsa munda wa thonje.

Anapeza Amama akufika kuchokera kumtsinje. Anali ndi ndowa pamutu. Zelipa anawathandiza kutula.

"Zayenda bwanji, mwanangu? A Madamu akalipa?"

"Iyayi, Amama. Botolo lili pawindo! Lili ndi dzina langa!"

"Zoona?"

"Zoona. Simunawononge. Munathandiza."

Amama anaseka mpaka misozi. "Ndiye tithokoze anapiye!"

Anakhala pakhonde onse awiri. Amama anatambasula miyendo. Nayonso inali itatopa.

"Amama," anatero Zelipa, "mtsinje ukatopa, umatula katundu wake."

"Ee?"

"Inenso ndatopa."

Amama anamenya pamwendo pawo pang'ono.

"Tula apa, mwanangu."

Zelipa anatula mutu wake pamwendo pa Amama. Anapiye ankalira pabwalo. Zelipa sanawamve. Anali atagona kale.