Kamlangizi ka Ndaziona

Kamlangizi kanatsegula diso lake lobiriwira n'kujambula manambala owala m'malere, pakhonde pomwepo. Kanali kamakina kochepa ngati papaya, koma kankayankhula, ndipo kankaphunzitsa mwana mmodzi yekha basi. M'chaka cha 2068, sukulu za ku Ntcheu zinkabwereketsa timakina totere kwa ana otsalira m'kalasi.

Nambewe ankasankha nyemba chapafupi, mtima uli m'mwamba. Mwana wake Ndaziona anali atalakwa mayeso a Fomu 4 kawiri, ndipo bambo ake anali atanena kale kuti akalakwanso, sukulu yathera pomwepo.

"Wamvetsa, Ndaziona?" kanafunsa kamakinako.

"Eya, ndamvetsa," anayankha mtsikanayo, maso ali pansi monga anamulerera.

"Ayi, sunamvetse. Pakamwa pavomera, koma chala chako chaima pamzere wachiwiri. Tanena kuti: sindinamvetse."

Nambewe anadzidzimuka. "Iii, kachinthu aka katiwonongera mwana! Mwana n'kumauza aphunzitsi kuti sanalongosole bwino? Si mwano umenewo?"

"Amayi, m'kalasi mwake muli ana zana ndi makumi awiri," kanatero modekha. "Onse amayankhira pamodzi kuti amvetsa. Iyeyu wakhala akuvomera chifukwa cha ulemu kuyambira Sitandade 5. Pano ali yekha, palibe womuseka."

Mawu amenewo anamutengera Ndaziona masiku anayi kuti awatulutse, ndipo anatuluka ngati akulavula munga. Koma atangotuluka, ee, anachita kusefukira. Kamlangizi sikankatopa. Kankabwerera m'mbuyo, kubwereza kasanu, kakhumi, mpaka tsiku lina kanapempha nyemba za Nambewe kuti mwanayo awerengere pamkeka. Safunsa anadya phula, ndipo mwana uyu anali atadya phula zaka pafupifupi khumi, mayi ake akumutamanda kuti ndi waulemu. Zimenezi zinamuwawa kwambiri Nambewe.

Zotsatira za mayeso zinafika m'mawa wina chimanga chili m'nkhokwe, Ndaziona atapita kuchigayo. Kamlangizi kanaziwalitsa m'malere, mizere yayitali ya zilembo.

"Nazi, amayi. Mwaziona? Mwamvetsa?"

Nambewe anayang'ana zilembozo. Sankadziwa ngakhale chimodzi. Moyo wake wonse ankangogwedeza mutu, kuchipatala, kumpingo, pamisonkhano ya makolo. Lilime linayamba kale kunena kuti eya, koma analigwira.

"Sindinamvetse," anatero chapansipansi.

"Wakhoza, amayi. Masamu ndiye wawachita kupondaponda."

Nambewe analuluta mpaka nkhuku zinabalalika, misozi ili mbwembwembwe. Anagwada n'kuwomba m'manja katatu pamaso pa kamakina kaja, osachita manyazi.

"Zikomo, aphunzitsi. Koma musanabwerere kusukulu, tandiuzani, dzina la mwana wanga ndi liti pamenepa?"

Zilembo zisanu ndi zitatu zinawala kuposa zinzake. Nambewe anasendeza lichero la nyemba, nakhala pamalo paja ankakhala Ndaziona.

"Yambirani pa choyambacho," anatero. "Ndipo muzipita pang'onopang'ono, ine ndimafunsa kwambiri."